Kwa inu amene mwangosankhidwa ukulu wa mpingo: kagwiridwe ka ulamuliro kosabalalitsa nkhosa

Ndikulembera inu abale ndi alongo amene mpingo wakusanjikani manja posachedwapa kuti mukhale akulu a mpingo, makamaka kuno ku Blantyre kumene ine ndatumikira mpaka imvi zatuwa. Ndakhalapo mlembi wa bwalo la akulu a mpingo, choncho zambiri zomwe ndinene ndinaziona cholembera chili m'manja. Ndikulankhula monga wa mpingo wa chipresibateriya, koma a mipingo ina mutolapo zanu, pakuti Baibulo lomwe tikutsegula ndi limodzi.

Musanapite ku msonkhano wanu woyamba, werengani Machitidwe 20 kuyambira ndime 17 mpaka kumapeto. Paulo ali ku Mileto anaitanitsa akulu a mpingo wa ku Efeso kudzatsanzikana nawo. Pa ndime 28 akuwauza kuti adziyang'anire okha ndiponso gulu lonse, kuti amene anawaika kukhala oyang'anira ndi Mzimu Woyera, ndipo kuti mpingowo ndi wa Mulungu, wogulidwa ndi mwazi. Zonse zomwe ndilembe m'munsimu zatsamira pa ndime imeneyi. Ulamuliro womwe mwalandirawu ndi weniweni, koma mwini wake ndi Khristu. Inu mwangousungitsidwa, ndipo wosungitsidwa chinthu amayenera kulola kuti afunsidwe za icho. Mtsogoleri wosafunsika ndiye chiyambi cha matenda mumpingo uliwonse womwe ndauona ukudwala.

Yambani ndi pakhomo panu

Tengani 1 Timoteo 3:1-7 ndi Tito 1:5-9, muwerenge mofatsa muli nokha. Muona kuti pa zonse zomwe Paulo akufuna kwa woyang'anira, luso lomwe latchulidwa ndi limodzi, lodziwa kuphunzitsa. Zina zonse ndi makhalidwe: wosaledzera, wosachita ndewu, wofatsa, wosakonda ndalama, wochereza alendo, woyendetsa bwino banja lake, wosakhala wongotembenuka kumene. Za sukulu, galimoto kapena kukula kwa chakhumi chomwe munthu amapereka mulibemo. Ndikunena izi chifukwa m'tauni muno timakonda kusankha munthu poona kuti ndi bwana ku ntchito, poganiza kuti atithandiza kumanga tchalitchi.

Ndime 7 ya 1 Timoteo 3 ikuti akhale ndi umboni wabwino ngakhale kwa akunja. Akunjawo kuno ndi eni nyumba yomwe mukuchita lendi, mtsikana wantchito pakhomo panu, anzanu a banki m'khonde, ndi amene mumagulitsa nawo malonda mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande. Ngati muli ndi ngongole yomwe mwakhala mukuzemba, pitani mukakambirane ndi mwini ndalamayo mwezi uno usanathe. Ngati wantchito wanu sanalandire malipiro a miyezi iwiri, mlipireni musanayambe kugawa mgonero. Kenako funsani akunyumba kwanu, amayi kapena abambo, kuti akuuzeni mosabisa chomwe akuona kuti chingakugwetseni. Akamayankha musawadule pakamwa.

Dziwani anthu anu ndi maina awo

Mudzapatsidwa dera kapena koteji yoti muziyang'anira. Gulani kope lolimba chikuto. Lembanimo banja lililonse, ana ndi zaka zawo, amene ali m'kalasi, amene anadulidwa, odwala, amasiye, ndi amene asiya kubwera ku mapemphero. Kopelo muziliona mwezi ndi mwezi chifukwa anthu a lendi sakhalitsa: lero ali ku Mbayani, mvula ikamagwa asamukira ku Machinjiri kapena ku Chirimba, ndipo ngati palibe wolondola amangosowa mumpingo popanda wodziwa.

Ezekieli 34:4 akudzudzula abusa a Israeli chifukwa sanalimbitse zofooka, sanachize zodwala, sanamange zothyoka, sanabweze zosokera, sanafunefune zotayika, koma anazilamulira ndi mphamvu ndi nkhanza. Onani kuti ulesi poyendera nkhosa ndi nkhanza pozilamulira zili m'ndime imodzi. Mkulu wa mpingo amene sadziwa khomo la mkhristu wake ndi yemweyo amene amafulumira kumudula mlandu ukafika pa bwalo.

Poyenda musamangolowera nyumba za mipanda kumene kuli tiyi wa mkaka. Alonda ogwira ntchito usiku ndi antchito a m'nyumba a ku Namiwawa, Nyambadwe ndi Sunnyside ambiri sapeza mpata Lamulungu m'mawa. Afunseni tsiku lomwe amapuma, mupite tsiku limenelo. Mkhristu wanu akagonekedwa ku Gulupu, mukamuone iye ali m'chipatala momwemo, osadikira kuti mudzaonekere pa maliro. Ndipo ngati ndinu bambo, kwa mayi kapena mtsikana amene ali yekha musapite nokha. Tengani mayi mkulu wa mpingo mnzanu kapena wa Mvano. Izi zimateteza mayiyo, inuyo, ndi dzina la mpingo.

Pa bwalo la akulu

Chipangano Chatsopano chikamanena za otsogolera mpingo wa pamalo, kawirikawiri chimawatchula ambiri. Paulo ndi Barnaba anaika akulu mumpingo uliwonse (Machitidwe 14:23). Tito anasiyidwa ku Krete kuti aike akulu m'mizinda yonse. Ku Yerusalemu, pa nkhani yovuta ya mdulidwe, atumwi ndi akulu anasonkhana, nakambirana kwa nthawi yaitali, kenako n'kulemba kalata (Machitidwe 15). Ngakhale Mose, amene ankalankhula ndi Mulungu, anadzudzulidwa ndi mpongozi wake Yetero chifukwa choweruza yekha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo anamvera n'kuika atsogoleri a anthu 1,000, a 100, a 50 ndi a 10. Akale anati mutu umodzi susenza denga.

Tsono inu mwalowa m'bwalolo kuti mukasenze nawo. Miyezi yoyamba mvetserani kwambiri, phunzirani malamulo a mpingo wanu, pemphani buku la malongosoledwe muliwerenge lonse. Koma musazolowere kukhala chete. Abusa ndiwo amatsogolera zokambirana, ndipo ayenera ulemu wawo wonse, komabe pa bwalo paja inu muli ndi liwu ngati wina aliyense. Mukaona kuti chinthu sichili bwino, kwezani dzanja, nenani kuti, "Abusa ndi akuluakulu, ine pamenepa ndikuona mosiyana," perekani chifukwa chanu ndi lemba ngati lilipo, n'kukhala pansi. Mukagonja pa voti, pemphani mlembi alembe m'maminitsi kuti simunagwirizane nazo. Ngati nkhaniyo ndi yaikulu, njira yokadandaula ku presibitale, bwalo lomwe lili pamwamba pa bwalo lanulo, ilipo, ndipo kuigwiritsa ntchito si kuukira.

Chomwe simuyenera kuchita ndi kuvomera m'chipinda n'kukakana panja. Mkulu wa mpingo amene pa bwalo amangoti "zili bwino" koma akafika pa siteji ya minibasi ayamba kunena kuti "ine ndinawauza koma sanamve" amagawa mpingo kuposa amene anatsutsa poyera. Chimodzimodzi za chinsinsi. Nkhani ya banja la munthu yomwe yakambidwa pa bwalo isafike kwa akunyumba kwanu, isafikenso pa gulu la WhatsApp, ngakhale la akulu a mpingo okhaokha, chifukwa foni imagwiridwa ndi ana ndipo uthenga umatumizidwa kwina mosavuta.

Kwa amene mudzakhale alembi: lembani chigamulo chilichonse, amene wapatsidwa ntchito, ndi tsiku loti abweretse lipoti. Maminitsi awerengedwe ndi kuvomerezedwa pa msonkhano wotsatira. Mpingo wopanda maminitsi umayendetsedwa ndi zomwe munthu wamphamvu akukumbukira, ndipo iye amakumbukira zomukomera.

Za mawu akuti "musakhudze odzozedwa anga"

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pomwe ambiri timagwera. Tinaleredwa ndi mawu akuti wamkulu salakwa, ndipo masiku ano pawonjezeka lemba la Masalimo 105:15 lomwe atsogoleri ena amalitchula pofuna kutseka anthu pakamwa. Werengani salimolo kuyambira ndime 8. Likunena za Abrahamu, Isake ndi Yakobo pamene anali anthu ochepa, oyendayenda m'mayiko a eni, ndi mmene Mulungu anachenjezera mafumu kuti asawachite choipa. Ndi lemba loteteza ofooka kwa amphamvu. Kulitembenuza kuti liteteze wamphamvu kwa mkhristu wofunsa za chopereka ndi kulipotoza.

Davide anakana kupha Sauli m'phanga muja chifukwa anali wodzozedwa wa Yehova, koma atatuluka anamudzudzula pamaso pa anthu ake (1 Samueli 24). Davide yemweyo atachimwa, Natani anamuuza maso ndi maso kuti munthuyo ndi iye. Paulo anatsutsa Petro poyera ku Antiokeya pamene Petro anayamba kupewa kudya ndi anthu a mitundu ina (Agalatiya 2:11-14). Anthu a ku Bereya anayamikiridwa chifukwa ankafufuza m'malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zomwe Paulo ankalalikira zinali zoona. Ngati mtumwi ankayesedwa ndi malemba, m'busa, mneneri kapena mkulu wa mpingo wa lero sangakhale pamwamba pa kuyesedwa.

Ife a ku Blantyre tili ndi phunziro pakhomo pomwe. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876 ndi a Church of Scotland. M'zaka zoyambirirazo kunalibe boma la atsamunda, ndipo amishoni ena anadzitengera mphamvu zoweruza milandu ngati mafumu. Anthu ankakwapulidwa, ndipo mu 1879 munthu wina woganiziridwa mlandu wakupha anaomberedwa. Mlendo wina wa ku Australia, Andrew Chirnside, anaulula zimenezi m'kabuku mu 1880. Mpingo wa ku Scotland unatumiza anthu kudzafufuza, ndipo mu 1881 mtsogoleri wa mishoniyo, Duff Macdonald, pamodzi ndi ena anachotsedwa. Anthu amenewa anabwera ndi Uthenga Wabwino, anasiya kwawo chifukwa cha Khristu, koma atakhala kutali ndi owafunsa anagwira chikoti. Chomwe chinapulumutsa ntchitoyo n'chakuti kunali bwalo lina pamwamba pawo lomwe linamva dandaulo n'kuchitapo kanthu. David Clement Scott, amene anabwera m'malo mwawo chaka chomwecho, anatenga njira ina. Anaphunzira chilankhulo ndi kaweruzidwe ka milandu ka eni dziko, anaphunzitsa Aafirika n'kuwapatsa udikoni, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe timanyadira chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi manja a anthu a kuno iye akutsogolera.

Ndiye ngati mpingo wanu ndi woima pawokha, wopanda presibitale kapena sinodi, limbikirani kuti pakhale abusa a mipingo ina odalirika, olembedwa m'malamulo a mpingo, amene mkhristu wamba angakadandaulireko za mtsogoleri wamkulu. Woyambitsa mpingo asakhale yekha wosankha ndi kuchotsa onse omuyang'anira.

Nanga mukaona cholakwa mwa abusa, mutani? Pitani kaye nokha, mwaulemu, pa nthawi yomwe sali pa chipwirikiti, osati Lamulungu pakati pa mapemphero a Chingerezi ndi a Chichewa. Nenani chomwe mwaona ndi maso anu, osati zomwe "anthu akunena". 1 Timoteo 5:19 akuletsa kulandira chinenezo pa mkulu popanda mboni ziwiri kapena zitatu, ndipo lamulo limeneli limateteza abusa ku mabodza, omwe ndi ambiri. Koma ndime 20 ikupitiriza kuti ochimwabe adzudzulidwe pamaso pa onse, ndipo ndime 21 ikuletsa tsankho. Ndime zitatuzi muzizigwira pamodzi. Ndipo pa zonsezi musaiwale kuti abusa ndi munthu wotopa, woitanidwa usiku, woyendetsa maliro angapo pa sabata. Onetsetsani kuti malipiro awo akutuluka pa nthawi yake, nyumba yawo sikudontha, ndipo ali ndi tsiku lopuma. Mkulu wa mpingo amene amasamala abusa ake ndiye amamvedwa akabwera ndi chidzudzulo.

Pomwe ulamuliro wanu ukuthera

Ahebri 13:17 akuuza akhristu kuti amvere atsogoleri awo, chifukwa amayang'anira miyoyo yawo monga anthu odzayankha mlandu. Musachite manyazi ndi lemba limeneli. Pali akulu a mpingo ena amene amaopa kudzudzula chifukwa wolakwayo ndi wachuma kapena ndi mnzawo wa kumudzi, ndipo Eli analangidwa chifukwa cha kulekerera kotereku pa ana ake. Chiphunzitso chonama chikalowa m'koteji yanu, Tito 1:9 akuti muzitha kutsutsa. Mwamuna akamamenya mkazi wake, kukhala chete kwanu si kufatsa.

Komabe ulamulirowu uli ndi malire, ndipo malire ake ndi Mawu a Mulungu. Pomwe Mawu alamula, lamulani. Pomwe Mawu sananene, mukhoza kulangiza koma simungakakamize. Simungasankhire mtsikana mwamuna. Simungauze mkhristu chipani choti avotere, ndipo nthawi ya kampeni samalani ndi andale obwera ndi matumba a simenti n'kupempha maikolofoni. Simungauze wodwala kuti asiye ma ARV kapena mankhwala a shuga ndi a BP poti mwamupempherera. Yakobo 5 akutituma kukapempherera odwala, ndipo tizipita ndithu, koma tikatha kupemphera tizifunsa ngati wamwa mankhwala. Paulo anauza Akorinto kuti iye sachita ufumu pa chikhulupiriro chawo koma ndi wothandizana nawo kuti akhale ndi chimwemwe (2 Akorinto 1:24), ndipo ulamuliro womwe Ambuye anamupatsa anati ndi womangira, osati wogwetsera. Petro naye akuti tiwete gulu osati mokakamizidwa, osati chifukwa cha phindu lonyansa, osati mochita ufumu pa omwe tapatsidwa, koma pokhala zitsanzo (1 Petro 5:2-3).

Pali chizolowezi china chomwe chimandiwawa mtima. Munthu wamwalira, abale ali m'misozi, ndiye akulu a mpingo ayamba ndi kutsegula kaundula kuti aone ngati malemuyo ankapereka. Malamulo a mpingo pa za maliro alipo ndipo atsatidwe, koma nthawi yokambirana ndi munthu za chopereka chake inali pamene anali moyo, ndipo amene sanapite kukakambirana naye ndi ifeyo. Maliro asasanduke chikwapu choopsezera amoyo.

Za mipando yapatsogolo, kunyamuliridwa Baibulo ndi kudya poyamba pa zochitika, Yesu ananena kale pa Marko 10:42-45 ndi pa Mateyu 23. Ulemu ukabwera ulandireni modzichepetsa, koma musaufunefune, ndipo tsiku losesa pa tchalitchi mubwere ndi tsache lanu.

Ndalama

Mipingo yambiri yomwe ndaiona ikusweka, mng'alu unayambira pa ndalama. Paulo ankadziwa zimenezi. Potolera thandizo la osauka a ku Yerusalemu sananyamule yekha. Anayenda ndi abale osankhidwa ndi mipingo, ndipo anati akufuna kuchita zabwino osati pamaso pa Ambuye pokha komanso pamaso pa anthu (2 Akorinto 8:18-21). M'masiku a mfumu Yoasi, wansembe Yehoyada anaboola chivundikiro cha bokosi n'kuliika pafupi ndi guwa, ndipo likadzaza, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe ankawerengera limodzi (2 Mafumu 12).

Tsono chitani chonchi. Chopereka chiwerengedwe tsiku lomwelo, pa tchalitchi pomwepo, ndi anthu osachepera atatu omwe si a banja limodzi, ndipo azisinthana. Onse asaine pa pepala, ndalama ipite ku banki tsiku lotsatira logwira ntchito, ndipo silipi ya ku banki ifanane ndi pepala lija. Potapa ndalama pasaine anthu awiri, ndipo wina asasaine cheke chosalembedwa ngakhale atakhala pa changu chotani. Akhristu ambiri tsopano amapereka kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba. Nambala yolandirira ikhale ya mpingo, osati foni ya msungichuma kapena ya abusa, ndipo sitetimenti yake iziwerengedwa pa bwalo. Ndalama za pepala Sande, za masika ndi za chitukuko zikhale ndi kaundula wakewake, kuti yomangira isadyedwe ndi zina. Lipoti la chuma liwerengedwe kwa mpingo wonse pa nthawi yoikika, lipachikidwenso pa bolodi, ndipo kamodzi pa chaka mabuku aonedwe ndi munthu wodziwa za akaunti amene sali m'komiti ya chuma.

Wina adzati, "Kodi simukundikhulupirira?" Muyankheni mofatsa kuti ndondomekoyi ndi yotchinjiriza iyeyo, kuti tsiku lomwe wina adzamunenere bodza mapepala adzamuyankhire. Inuyo musabwereke ndalama ya mpingo ngakhale mwana atabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi. Ngati mwapanikizika, pemphani thandizo poyera ngati mkhristu wina aliyense.

Thandizo logawa nalo limafuna maso. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi 2023, mipingo yambiri inalandira ufa, zofunda ndi ziwiya zoti igawire anthu a ku Chilobwe ndi madera ena. Pa nthawi ngati imeneyo dandaulo loti "agawana okhaokha" silichedwa. Pa Machitidwe 6 dandaulo linali lomwelo: amasiye a Ayuda olankhula Chigiriki ankaiwalidwa pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sanakalipire odandaulawo. Anaitanitsa gulu lonse, nalola kuti gululo lisankhe amuna 7, ndipo mukaona maina awo, Stefano, Filipo, Prokoro ndi enawo, onse ndi maina a Chigiriki. Zikuoneka kuti ntchitoyo inaperekedwa m'manja mwa mbali yomwe inkadandaula. Mumpingo wa m'tauni muno muli Alomwe, Ayao, Amang'anja, Asena, Angoni, Atumbuka ndi Achewa. Mbali ina ikadandaula kuti ikusalidwa, ikani anthu a mbali imeneyo m'komiti yogawa, ndipo mndandanda wa olandira ulembedwe katundu asanafike.

Milandu

Cholinga cha mwambo wa mpingo ndi kubweza munthu. Mateyu 18:15-17 akuyamba ndi anthu awiri okha, kenako mboni imodzi kapena ziwiri, ndipo mpingo umabwera pamapeto. Nkhani zambiri zikhoza kuthera pa khonde la munthu ngati mkulu wa dera wafika msanga. Agalatiya 6:1 akuti wogwa m'tchimo abwezedwe ndi mzimu wofatsa, wobwezayo akudziyang'anira yekha.

Nkhani ikafika pa bwalo, woimbidwa mlandu auzidwe pasadakhale chomwe akuitanidwira, amvedwe mpaka amalize, ndipo aloledwe kubwera ndi womuperekeza. Pa nkhani za banja itanani ankhoswe a mbali zonse. Ngati wozengedwayo ndi m'bale wanu, mnzanu wa bizinesi kapena munthu amene munakangana naye, nenani poyera ndipo mutuluke mpaka nkhaniyo ithe. Mtsikana amene watenga mimba asakaime yekha pamaso pa abambo khumi ndi awiri. Pakhale amayi akulu a mpingo, mafunso akhale ofunikira okha, ndipo mwamuna wopereka mimbayo, ngati ndi wa mumpingo, aitanidwenso ngakhale atakhala mwana wa mkulu wa mpingo kapena woyimbitsa kwaya. Ndaonapo atsikana akudulidwa anyamata ake akupitiriza kuyimba kutsogolo, ndipo achinyamata akaona zotere amasiya kukhulupirira bwalo lonse.

Munthu akadulidwa, ntchito yanu yangoyamba. Bwalo lisankhe mkulu mmodzi womuyendera, ndipo dzina lake lizibwera pa msonkhano uliwonse mpaka abwezeredwe. Paulo anauza Akorinto kuti munthu amene analangidwa amukhululukire ndi kumutonthoza, kuopa kuti angamizidwe ndi chisoni chopitirira (2 Akorinto 2:6-8).

Pali milandu ina yomwe si ya bwalo la mpingo lokha. Mwana akagwiriridwa, musayitanitse mabanja kuti "tikambirane pachibale", ndipo musabise poopa kuti dzina la mpingo liipa. Mwanayo apite ku chipatala mwamsanga, nkhani ikafike ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Wochita zimenezi, kaya ndi mphunzitsi wa Sande sukulu, mkulu wa mpingo kapena m'busa, aimitsidwe pa udindo nthawi yomweyo kufufuza kuli mkati. Aroma 13 akuti wolamulira wa dziko ndi mtumiki wa Mulungu wolanga ochita zoipa, ndipo mpingo usamulande ntchito yake. Kulapa kwa wolakwayo tidzakumva ndi kumuyendera ngakhale ku ndende, koma sikufafaniza mlandu wa boma.

Konzani wodzalowa m'malo mwanu

Pa 3 Yohane 9-10 pali munthu wotchedwa Diotrefe, wokonda kukhala woyamba, amene sankalandira abale ndipo ofuna kuwalandira ankawatulutsa mumpingo. Mtima wa Diotrefe umayamba pang'onopang'ono, munthu akayamba kuganiza kuti popanda iye palibe chingayende. Mankhwala ake ali pa 2 Timoteo 2:2: zomwe mwaphunzira muzipereke kwa anthu okhulupirika amene adzathe kuphunzitsanso ena. Mishoni ya Blantyre inatenga zaka 35 kuti idzoze abusa oyamba a kuno, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, mu 1911, ngakhale kuti anthu okhoza analipo kale. Ife tisachedwetse achinyamata athu chomwecho.

Kuyambira chaka chanu choyamba, sankhani munthu mmodzi kapena awiri m'dera lanu, mnyamata kapena mtsikana wokhwima maganizo, muziyenda nawo kwa odwala ndi ku maliro. Apatseni mpata wotsogolera mapemphero a koteji inu mutakhala pansi, ndipo mukatuluka muwauze pambali pomwe achita bwino ndi pomwe akonze. Maudindo a mlembi, msungichuma ndi wapampando wa komiti akhale ndi nthawi yake yolembedwa, ndipo nthawiyo ikakwana musayambe kuyenda m'makomo kupempha kuti akuonjezereni. Tsiku lopereka udindo bweretsani zonse pa bwalo: buku la maminitsi, kaundula wa akhristu, mabuku a risiti, makiyi, chidindo, ndi mapepala a malo a tchalitchi, omwe ayenera kukhala m'dzina la mpingo osati la munthu. Lembani mndandanda wa zomwe mwapereka, musaine nonse awiri pamaso pa abusa, ndipo sabata yomweyo mupite limodzi ku banki kukasintha osainira.